Kodi Jezi za Mavu Zinali za Mtundu Wanji?

Abale ndi alongo, ndiyambe ndi kuvomera kulakwa. Fanizo ili ndalinenapo kawiri m'mapemphero a m'milaga, ndipo kawiri konseko ndinalidula mchira. Ndinkati "telala wina" ngati kuti sindimudziwa. Ndimamudziwa. Ndine. Sukulu ndinalekezera sitandade foro, ndiye mundipirire. Ndinenabe kuti telala wina, chifukwa nkhani ya manyazi imatuluka bwino ukaima nayo patali pang'ono.

Panali telala wina pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Makina ake ankakhala pakhonde la golosale. Dzanja linali labwino, msoko wowongoka ngati njanji. Koma anali ndi chinsinsi. Maso ake sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Tomato wakupsa ndi wamuwisi, kwa iye anali mapasa. Anabadwa choncho, ndipo limenelo si tchimo ayi.

Amene ankadziwa anali mkazi wake yekha, make Joswa. Nsalu ikabwera, mayiyo ankamanga mfundo pangodya: imodzi ndiye kuti yofiira, ziwiri ndiye kuti yobiriwira. Anthu nkumati, "Koma telala uyu ali ndi diso!" Iye nkumavomera ndi mutu.

Pa esitetipo panali timu ya mpira, dzina lake Mavu. Chaka chimene Mavu anatenga chikho, jezi zawo anasoka ndi telalayo, koma nsalu anasankha ndi make Joswa. Chaka chotsatira jezi zija zinang'ambika. Mayi anali m'chikuta kwawo kumudzi, choncho telala anakwera basi yekha wa ku Limbe. Mwini sitolo anamuyalira mipukutu iwiri. Kufunsa kunali kosavuta: "Bwana, wobiriwira ndi uti?" Mawu anayi okha. Nanga telala wotchuka angafunse zimenezo? Anangoloza.

Anasokera m'nyumba mothamanga, ndipo anapereka thumba pabwalo tsiku la mpira lomwelo. Atamasula, jezi zonse psuu! Zofiira, mtundu wa adani awo, timu ya kutsidya kwa mtsinje. Woimbira mpira anati matimu awiri sangavale zofanana. Mavu anasewera mimba zili pamtunda, anthu akuwaimba nyimbo, ndipo anamwetsedwa zigoli zinayi.

Osewera anamuzinga telala. Iye anatsegula pakamwa, bodza nkutuluka lokha ngati linali kale panjira. "Nsaluyi anatumiza ndi make Joswa. Paja mlongo wawo amasewera kutsidya."

Mayi atabwerako ndi khanda kumbuyo, anapeza dzina latsopano likuwadikira: wogulitsa timu. Pampopi amayi ankachotsa ndowa zawo akamafika. Make Joswa ankangoyang'ana mwamuna wawo, kudikira. Mwamunayo ankayang'ana singano. Itatha miyezi iwiri, mayiyo anamanga katundu nkubwerera kwawo, ndipo chinsinsi chija anapita nacho osauza munthu. Kuyambira pamenepo telala ankasoka kaki, zoyera ndi zakuda basi, nkumati mitundu inayo ndi yachibwana.

Zinapita zaka makumi anayi.

A Namakhwa, amene anali kaputeni wa Mavu, anadwala matenda osadzuka nawo. Anapempha chinthu chimodzi: anzawo otsala adzanyamule bokosi lawo atavala jezi zonga za chaka cha chikho. Otsalawo analipo atatu: a Mukhito omwe anali goloboyi, a Chipwere ndi a Sapuwa. Anatulutsa chithunzi cha timu, koma chinali cha kale, chakuda ndi choyera. Jezi zonse zinkaoneka ngati phulusa.

"Zinali zobiriwira mowala, ngati nsonga ya tiyi," anatero a Mukhito.

"Goloboyi amavala zakezake, inu mungadziwe chiyani?" anayankha a Chipwere. "Zinali zobiriwira moderapo, kolala yoyera."

"Yoyera? Inu simunkakhala pabenchi kodi?"

A Sapuwa anakanda m'mutu. "Koma ine bwanji ndikuona zofiira?"

"Zofiira ndi zija tinakana kuvala, madala inu!"

"Tinakana chaka chiti? Si chomwecho cha chikho?"

Anakafunsa akazi a Namakhwa. Iwo anati jeziyo ankaichapa okha ndi manja awo, inali ndi kolala yachikasu. Kenaka anaima kaye, nati kapena yachikasuyo inali ya kwaya. Aliyense wofunsidwa ankawonjezera mtundu wake. Masiku ankapita, wodwala akufooka, nsalu isanagulidwe.

Pomaliza anati, "Tikuvutikiranji? Wosoka ali moyo." Anabwera pakhonde paja ndi tizidutswa tinayi ta nsalu, nkutiyala pamakina. "A telala, lozani."

Abale, telala uja anayang'ana. Anaona matope a mitundu inayi. Anatola kachidutswa koyamba, nakafikisa ndi zala. Anakanunkhiza. Nanga mtundu umanunkha? Anayamba kuwerenga nkhope za anthu m'malo mwa nsalu. Dzanja likayandikira koyamba, a Mukhito ankamwetulira. Likayandikira kachiwiri, a Chipwere ankakhosomola. Likafika pa kachitatu, onse chete, ndipo iye sankadziwa ngati ndi chete wovomereza kapena wodabwa. Jezi anasoka yekha, kolala iliyonse inadutsa m'manja mwake, koma sankadziwa kanthu. Anati, "Ndipatseni tsiku, ndikumbukire bwino."

Madzulo ake dzuwa lisanalowe anapita kukazonda a Namakhwa. Wodwalayo anamugwira pamkono ndi dzanja lopepuka ngati phesi.

"Achimwene, inu ndinu munasoka. Musandiperekeze mu mtundu wa adani. Kamodzi kaja kanakwana."

Apa ndiye panali mphambano. Akanatha kulozanso, monga anachitira ku Limbe. Madala aja akanakhulupirira, poti telala ali ndi diso. Koma mwa tizidutswa tinayi tija, kodi kofiira kanalibemo? Sankadziwa. Kuloza kunali kuponya mwala mumdima, mnzake ali komweko.

Kutacha anakwera kabaza, ulendo wa kumudzi kwa make Joswa, kumene sanapondeko zaka zonsezo. Anapeza mayi wa imvi akuyanika nandolo pamphasa. Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwasochera, bambo?"

Telala anagwada nkuyala tizidutswa tija pambali pa nandolo, nafotokoza za a Namakhwa. Make Joswa anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Mpaka lero simunawauze?"

"Sindinawauze."

Mayiyo anatola kamodzi nkukaika pambali. "Aka nkofiira. Dzanja lanu ndikulidziwa, mukanathera pamenepa." Anachotsanso tina tiwiri. Kotsalako anamuika m'manja. "Ndi aka. Kolala yachikasu, mizere iwiri pamkono. Tengani, munthuyo analibe nane mlandu. Koma akakufunsani kuti wanena ndani, mukati chiyani?"

Telala anabwerera ndi kansalu m'thumba, funso lija lili pamsana. Anasoka jezi zinayi, zitatu za onyamula ndi imodzi yoyala pabokosi. Yapabokosiyo a Namakhwa anaiona asanatsikire kulichete. Anaisisita nati, "Eya, ndi yomweyi." Madala aja nawonso anati ndi yomweyi, aliyense akuti ndi zimene ankanena iye. Ndipo anayambanso: "Koma telala uyu ali ndi diso!"

Tsono tanthauzo lake nali, abale anga. Kusaona sikunali tchimo la telala. Tchimo lake linali kunena kuti ndikuona. Mulungu sadzatiimba mlandu chifukwa cha maso amene sanatipatse. Adzatifunsa za pakamwa pamene anatipatsa, pamene tinakana kunena kuti sindikudziwa, ndithandizeni. Ndipo bodza la munthu wonyada siliyenda lokha. Limafuna wolisenza, ndipo kawirikawiri timasenzetsa yemwe amatikonda, poti tikudziwa kuti satiulula. Ena mwa inu muli ndi munthu amene akusenzerani katundu wotere lero lomwe. Inu mukuyamikiridwa, iye akutukwanidwa pampopi. Musadikire zaka makumi anayi.

Ine, kunena zoona, mpaka lero zimandizunguza. Jezi zija amati nzobiriwira. Sindikudziwa kuti kubiriwira nkutani. Ndimangokhulupirira mawu a munthu amene ndinamunamizira, chifukwa iyeyo sanandinamizepo. Mwina umu ndi momwe tonse timaimira pamaso pa Ambuye.

Mchira umene ndinkadula uja ndi uwu. Tsiku la maliro make Joswa anabwera, nakhala kumapeto kwa amayi. Nthawi ya zolankhula itakwana, a Mukhito anaimirira kuthokoza telala chifukwa cha diso lake. Ine ndinadzuka iwo asanamalize. Sindinayang'ane abusa kapena bokosi, ndinayang'ana kumapeto kuja, ndipo ndinati:

"Anthu inu, ine sindiona mitundu. Sindinaionepo chibadwire. Nsalu yofiira ija ndinagula ndine, ndi dzanja langali, chifukwa ndinachita manyazi kufunsa. Mayi ali apowa sanagulitse timu. Jezi za chikho anasankha ndi iwo, ndipo izi mwavalazi asankhanso ndi iwo. Make Joswa, ndinakuvekani manyazi anga, inu nkuwavala osandiulula. Ndinalakwa. Pepani, mayi. Ndikhululukireni."