Denga la nkhokwe ya a Dzimbiri

Za tsiku limenelo anthu awiri amafotokoza mosiyana. Nankhoma, mkazi wa a Kachingwe, amati amuna ake analankhula chifukwa cha mantha. A Dzimbiri, mlongo wake wa Nankhoma, amati kunali kulimba mtima. Mwina onse akunena zoona, pakuti ziwirizi nthawi zina zimayendera limodzi.

A Kachingwe anali katswiri womanga madenga a nkhokwe. Denga lotere amalimangira pansi n'kulifolera. Likatha, amuna amalowa kunsi kwake, n'kulisenza pamitu kukaliveka pankhokwe. Mmodzi akafooka, denga limapendama n'kugwera anzake.

Chaka chimenecho a Kachingwe anali ndi chotupa m'munsi mwa mimba. Chinayamba ngati nthudza, kenako chinafika ngati dzira la nkhuku. Akanyamula cholemera chinkatuluka, akagona chagada chinkabwerera. Iwo ankangochimanga ndi nsanza, osauza munthu. Sikuti anali opusa. Ankaopa kusekedwa pabawo, komanso ankadziwa kuti mmisiri akamveka kuti akudwala, anthu amasiya kumuitana. Nankhoma akafunsa chimene ankayendera motang'adza, ankangoti, "Ndi msana, mayi. Ukalamba uwu."

Anthu atakolola, linafika tsiku loveka denga pankhokwe ya a Dzimbiri. Amuna asanu ndi mmodzi analizungulira, a Kachingwe ali kutsogolo monga mwa masiku onse. A Kachingwe atangowerama, ululu unawalasa mpaka thukuta kamukamu. Pambali pawo panali a Dzimbiri, mutu utalowa kale kunsi kwa denga. A Kachingwe anaona kuti akagwada ali pakati pa ulendo, khosi la alamu awo lithyoka.

"Taimani kaye," anatero.

"Mwatani alamu? Thobwa lakuchepererani?" a Dzimbiri anafunsa akuseka.

"Sindisenza. Ndili ndi chotupa kumunsi kuno, chaka chatha tsopano. Ndikalimbikira, tigwa tonse."

A Kachingwe anayang'ana pansi kudikira phwete, koma silinamveke. A Chipwaila, mmodzi mwa osenzawo, amene ankaposa onse kuseka anzawo pabawo, anakanda m'mutu.

"Inenso mkodzo ukundivuta, umangodontha," anatero motsitsa mawu. "Ndimayesa ndine ndekha."

A Dzimbiri anatulutsa mutu kunsi kwa denga, kuseka kutatheratu. "Malume anga anapita nacho chotupa chimenechi ali chete. Kuchipatala anati akanafika msanga, akanawasoka n'kuchira. Ndiye inu mumafuna mlongo wanga akhale wamasiye chifukwa cha manyazi?"

Anaitana munthu wina kulowa m'malo mwa a Kachingwe, ndipo denga linakwera bwinobwino. Akusasa udzu m'mutu, a Dzimbiri anati, "Mwaona alamu? Udzu wokhawu wafuna mitu isanu ndi umodzi. Nanga matenda mumati musenza nokha? Mutu umodzi susenza denga."

Mawu amenewa ndiwo anasanduka mwambi umene mumaumva lero, ana inu. Akutanthauza kuti cholemera, ngakhale chobisika m'thupi, sichifuna munthu mmodzi. Manyazi alipo ndithu, ndipo sitinganene kuti mwamuna woopa kusekedwa akuopa zachabe. Koma manyazi amatha msanga, pamene nthenda yobisidwa imangokulirakulira, ndipo ikagwetsa mwiniwake imagwetsanso omudalira. Amene wanena msanga amapeza omusenzetsa, nthawi yoti mankhwala agwire ntchito ikadalipo.

M'mawa mwake a Kachingwe anamasula nsanza ija, n'kufotokozera Nankhoma zonse. Kenako anakwera pakaliyala ya njinga ya a Dzimbiri kulowera kuchipatala, a Chipwaila akupalasa yawo pambuyo.