Gemu Imene Inapita ku Nyumba ya Alendo

Panali munthu wina amene anamanga nyumba ya alendo m'munsi mwa phiri la Mulanje. Sinali yogonamo iye. Inali ya anthu a m'tauni amene amabwera pa tchuthi ndi mabanja awo, kukwera phiri, kusamba m'madziwe, kenako n'kubwerera kwawo. Iyeyo, mkazi wake Felesita, ndi ana awo awiri ankakhala m'nyumba yakale kutsidya kwa munda wa tiyi.

Nyumba yatsopanoyo inatha, koma m'kati munalibe kanthu. Ndiye mwamunayo anayamba kutenga za kunyumba. Anayamba ndi mipando ya pabalaza. Anati, "Ndi kwa kanthawi chabe." Felesita anavomera, poti nayenso ankafuna kuti ntchitoyo iyende. Kenako inapita filiji. Kenako makatani amene Felesita anasoka yekha, mbale za pa ukwati wawo, ndi bulangete lolemera la nthawi yozizira. Palibe chimene chinabwerera. Pabalaza panatsala mphasa, benchi, ndi TV yaing'ono yakale imene mlendo sakanaiyang'ana kawiri.

Panatsalanso chinthu chimodzi chabwino. Mchimwene wa Felesita, amene ankagwira ntchito ku Joni, anatumizira mphwake Mayeso gemu yolumikiza pa TV, ndi zogwirira ziwiri zimene ana amazitcha mapadi. Mayeso anali atangoyamba kumene sekondale. Poyamba Felesita sanaikonde gemuyo. Anaika lamulo: homuweki ithe, pakhomo paseseredwe, kenako gemu. Koma m'kupita kwa nthawi anaona kuti mnyamatayo sakuyendayenda. Akaweruka kusukulu ankathamangira kunyumba. Iye ndi mlongo wake Ulemu, amene kale ankangokhalira kukangana, tsopano ankakhala phewa ndi phewa pamphasa, kumenya mpira wa pa TV, kukuwa chigoli ngati ali m'bwalo lenileni. Felesita ankamva phokosolo ali pa makina ake osokera, mtima wake n'kukhala pansi.

Inafika nyengo ya chiperoni. Mvula yamawawa inagwa osaleka, phiri linabisika m'nkhungu, ndipo banja lina la ku Blantyre linabindikira m'nyumba ya alendoyo tchuthi chonse. Ana awo analira, anamenyana, analemba khoma ndi makala. Pochoka, bambo wa anawo anati, "Nyumba yanu ndi yabwino, koma mvula ikagwa ana atani? Anzanu amaikamo gemu."

Mawu amenewo anamukhala mwamunayo pamtima. Anafunsa anzake a nyumba ngati yake. Ena anati iikeni, makolo a masiku ano amayamba kufunsa zimenezo asanafunse za madzi otentha. Ena anati musayerekeze, ana a eni ake amaswa zinthu, ndipo munthu sabwera ku phiri kudzayang'ana TV. Iye anabwera nayo nkhaniyo pa chakudya chamadzulo.

Felesita anati, "Ngati mwaona kuti ndi yofunika, dikirani mudzagule ina."

"Kugula bwanji ina ili pompano? Komanso chinthu chimenechi chikumuwononga mutu mwanayu."

"Ngati chimawononga mutu, bambo a Mayeso, ana a eni ake mukufuna kuwawonongeranji?"

Mwamunayo anasiya kudya. Anasamba m'manja n'kutuluka. M'mawa mwake, ana ali kusukulu, Felesita ali kumsika kogula ulusi, anazula gemuyo n'kupita nayo ku nyumba ya alendo.

Mayeso atabwera anapeza pamene inkakhala pali fumbi lokhalokha. Sanalire. Anadikira bambo ake pakhonde, ndipo atafika anati, "Ababa, ija anandipatsa ndi amalume."

"M'nyumba muno mulibe chako. Zimene ukudyazo zikuchokera ku nyumba imene ija."

Mnyamatayo anaweramitsa mutu n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo anasiya kuthamangira kunyumba akaweruka. Ankatsalira pa sitolo za m'mbali mwa msewu, m'chisakasa mmene anyamata akuluakulu amaonera mpira ndi kubetcha. Yunifolomu yake inayamba kununkha fodya wa anthu ena. Ulemu ankakhala yekha pamphasa, kusanja timiyala.

Felesita anayankhula. Anayankhula mofatsa, anayankhula mokweza, anayankhula akulira. Mwamuna wake ankangoti, "Mkazi iwe sudziwa bizinesi."

Tsiku lina Felesita anapita ku nyumba ya alendoyo kukayanika nsalu zofunda, poti wochapa anali iye. Ali kuseri, anasuzumira pa windo. Kamwana ka alendo kanagonja pa gemu, kanakwiya, n'kuponya padi pansi mpaka chivundikiro chinathothoka. Mwamuna wake anali pomwepo. Anagwada, anatola padiyo, anaseka. Anati, "Palibe kanthu, mayi, mwana ndi mwana. Musamukalipire." Kenako anamusisita mwanayo m'mutu.

Felesita anaima ndi nsalu yonyowa m'manja mpaka madzi anamutsikira m'chigongono. Munthu ameneyu ndi yemwe uja anamuwomba Ulemu mbama chifukwa cha kapu yapulasitiki yosweka. Ndi yemwe uja kunyumba ankalowa ndi nkhope yomanga, osapereka moni. Ndiye kuti kuseka ankakutha. Kugwada ankakutha. Kuleza mtima anali nako kodzaza, koma nakonso anali atakusamutsira kuno pamodzi ndi mipando.

Felesita sanapite kunyumba. Anapita kwa mnzake wa ku kwaya, mayi Khoviwa, amene nambala yawo mwamunayo sankaidziwa. Anawauza zonse, n'kuwapempha kuti aimbe foni ngati mlendo wofuna nyumba kuyambira Lachisanu. Zolipira anati apereka yekha, za kusoka kwake.

Mayi Khoviwa anaimba, n'kukweza mawu a foni kuti onse amve. Mawu amene anatuluka mmenemo Felesita anali atawaiwala. Anali mawu a nthawi ya chibwenzi chawo, ofewa, osathamanga.

"Takulandirani ndi manja awiri, mayi. Mubwera ndi ana? Angati? Anawo amakonda chiyani, kuti ndiwakonzeretu?"

Mayi Khoviwa anayang'ana Felesita. Felesita ananong'oneza, iwo n'kumabwereza. Wamkulu amakonda nanazi wozizira. Wamng'ono amaopa mdima, amafuna kugona nyale ikuyaka pakhonde.

"Zimenezo n'zazing'ono, mayi. Mwana asaope pa nyumba panga. Ndipo tili ndi gemu, akasangalala."

Foni itadulidwa, Felesita anaganiza za mwana wake wamng'onoyo. Ulemu anayamba kuopa mdima ali wakhanda. Bambo ake ankazimitsa nyale ya pakhonde tsiku lililonse, ati magetsi akutha.

Lachisanu masana Felesita anauza ana kuti asambe, avale za kutchalitchi. Analongedza chikwama, anatseka nyumba yakale, osasiya chophika pamoto. Anayenda wapansi kudutsa m'munda wa tiyi. Atafika pa geti anapeza mwamuna wake ataima, malaya ositidwa bwino, thireyi m'manja, matambula a juwisi atatu, nkhope yonse ili mwee.

Kumwetulirako kunazima.

"Mukufuna chiyani kuno? Chokani, alendo afika pompano!"

Felesita anati, "Afika. Ndife."

Mwamunayo anayang'ana kumsewu, anayang'ana chikwama, anayang'ana ana.

"Wapenga iwe? Ukufuna undichititse manyazi?"

"Manyazi a chiyani? Talipira ngati wina aliyense. Tinamva kuti kuno kuli bambo wina wodziwa kulandira anthu, ndiye ndati ana anga akamuoneko."

Anatenga tambula imodzi n'kupatsa Ulemu, ina n'kupatsa Mayeso, yachitatu anamwa yekha ataima pomwepo mpaka inatha. Kenako analowa.

M'katimo Ulemu anathamangira pa mpando n'kukuwa, "Amayi, mpando wathu uja!" Pa tebulo panali maluwa. Mu filiji munali nanazi wosenda kale, wodulidwa bwinobwino, wovundikira. Felesita anatseka filijiyo pang'onopang'ono.

Mwamunayo anaponya thireyi pa udzu n'kubwerera ku nyumba yakale. Felesita sanamutsatire. Ankadziwa chimene akapeze: benchi, mphasa, ndi mawindo opanda makatani. Anati mumtima, akakhale mmene timakhalira ife, akaone ndi maso ake.

M'mawa mwake chiperoni chinayambanso. Kunja kutayera, kunamveka "Odi" pakhomo. Anali iye, nkhuni m'manja, maso ali pansi. Analowa, anagwada pa malo osonkhera moto, n'kuyamba kuyatsa. Ulemu anamuyang'anitsitsa.

"Ababa, alendo onse mumawayatsira moto chonchi?"

Bambo ake anapitiriza kuuzira moto.

Ana anali atayamba kale gemu yawo. Padi imodzi inali yomata ndi tepi. Moto utayaka, mwamunayo sanatuluke. Anaima kumbuyo kwawo, akuonerera. Ulemu, mwana wopanda mangawa, anamupatsa padi yake. "Yesani, ababa. Koma achimwene akugonjetsani."

Bambo ake anakhala pansi. Felesita, ali pa khomo la khitchini, anaganiza kuti mwina apa ndi pamene zinthu zikonzeke. Anaona zala za mwamuna wake zikuyenda pa padi mosakayika. Anapatsira mpira, anazemba wotchinga kumbuyo, anamwetsa chigoli. Anaseka mokweza, kuseka kwenikweni, n'kumugunda Mayeso paphewa.

Mayeso sanaseke. Anatembenuka n'kufunsa, "Munaphunzira liti?"

Mwamunayo anayankha asanaganize. "Ndinkayeserera kuno, kuti ndiziwaonetsa ana a alendo."

Gemuyo inakhala pa balaza la kwawo nyengo yonse ija, bambo ake akuidutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo sanakhalepo pansi n'kamodzi komwe. Mayeso anaika padi pa tebulo mosamala, ngati chinthu cha mwini wake. Anatsegula chitseko n'kutuluka m'mvulamo wopanda juzi. Felesita anamuona pa windo ataima pansi pa mtengo wa mapeyala, atapinda manja, akuyang'ana kumene phiri linabisika.

Lamulungu, nthawi yochoka itakwana, mwamunayo anazula gemuyo yekha. Anakulunga mawaya, anaika zonse m'katoni, n'kupita nazo kwa mwana wake ndi manja awiri.

"Tenga, mwana wanga. Ndi yako. Tipite nayo kunyumba."

Mayeso anayang'ana katoniyo, kenako anayang'ana bambo ake. Anayankha mwaulemu, mawu ake osanjenjemera.

"Isiyeni konkuno, ababa. Alendo angadandaule."

Ananyamula chikwama cha amayi ake n'kutsogola. Mwamunayo anatsala pa geti ndi katoni m'manja. Felesita anangomudutsa. Anabwera kuno kuti mwamuna wake aone, ndipo anaonadi. Koma mkwiyo wake sunathe, chifukwa mwana anali ataonanso, ndipo zimene anaonazo panalibe wozichotsa m'maso mwake.

Sabata yotsatira mipando inabwerera, filiji inabwerera, gemu nayo inabwerera pamalo pake. Ulemu ankasewera ndi bambo ake. Mayeso ankawadutsa, kupereka moni, n'kulowa kuchipinda. Zinatenga nthawi yaitali kuti adzakhalenso pamphasapo, ndipo ngakhale pamenepo, sankakuwanso chigoli.

Tsono inu amene mwakhala pano, musandiuze kuti mulibe nyumba ya alendo. Nonse muli nayo. Kwa ena ndi ku ofesi, kwa ena ndi pa sitolo, kwa ena ndi muno m'tchalitchi, mmene mumagwira anthu chanza ndi kuwafunsa za kunyumba ngati angelo. Kumeneko n'kumene mumanyamulira mawu anu ofewa, kuseka kwanu, ndi kupirira kwanu konse. A kunyumba mumawasiyira zotsala, n'kumati mukuvutikira iwo omwewo. Bodza! Kulandira mlendo n'kwabwino, ndipo gemu m'nyumba ya alendo muike kapena musaike, zili kwa inu. Koma musaizule m'manja mwa mwana wanu. Mlendo adzaiwala dzina lanu asanafike pa msewu wa tala. Mwana amene munamulanda ndiye adzakhale nanu moyo wanu wonse, akukupatsani ulemu wonse, mtima wake uli patali.