Njinga ya Fulgensio

Kalekale, msewu wa m'mbali mwa nyanja ukadali wafumbi, kunadutsa mlendo wa imvi dzina lake Fulgensio Mkwanda. Paliponse pamene ankaima ankangopempha madzi akumwa ndi poyedzeka njinga yake. Ankapalasa kuchokera ku Karonga kupita kwawo ku Malindi. Iye ndi mng'ono wake anapangana ali anyamata kuti adzayenda nyanja yonse pa njinga. Mng'onoyo anamwalira Fulgensio ali kutali kuntchito, ndipo ngakhale maliro sanawapeze. Choncho analumbira kuti sakwera galimoto iliyonse mpaka atakagwira manda a mbale wake.

Pa Dwangwa anaima kwa mayi wogulitsa thobwa, dzina lake Dailesi. Mayiyo anaona kuti mlendoyo akumwa chiimire, chonsecho mpando unalipo. Mlendoyo atatembenuka, buluku lake linali ndi magazi kumbuyo, chifukwa chishalo chinali chitamusupula. Dailesi sanatchule kanthu poopa kumuchititsa manyazi. Anamuuza kuti akapume pamthunzi, kenaka anang'amba chitenje chake chopitira kutchalitchi, nachipinda kanayi, nachisokerera pachishalo. Fulgensio anapitirira.

Pa Benga tcheni chinaduka kachitatu. Waisoni, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, anachiyang'ana n'kupukusa mutu. "Achimwene, ichi chatha ngati mano a agogo anga," anatero akuseka. Koma atamva za pangano lija, kuseka kunatha. Anamasula tcheni cha njinga yakeyake, imene ankatengera nkhuni kumsika, nachimanga pa ya mlendoyo. Waisoniyo anayenda wapansi miyezi iwiri.

Pa Golomoti Fulgensio anapempha madzi kwa Esinati, mayi amene anagwirapo ntchito yokolopa m'chipatala. Esinati anaona mapazi otupa. Anadina ndi chala pamwendo, ndipo dzenje linatsalira pomwepo. Anamuuza kuti mtima wake watopa, apite kuchipatala, koma mlendoyo anakana. Pamene mlendoyo ankasamba, Esinati anachotsa mavalavu otsekera mpweya m'matayala onse awiri n'kuwabisa mu ufa. Masiku atatu Fulgensio anakhala pakhonde, akupempha, akukalipa, mpaka kumutcha wakuba. Esinati ankangomuphikira phala ndi kumuikira pilo pansi pa miyendo. Tsiku lachinayi bamboyo anayamba kukankha njinga yopanda mpweya dzuwa likuswa mtengo. Esinati anamuthamangira akulira, namubwezera mavalavu aja.

Fulgensio anafika ku Malindi. Anagwada pamanda, anazula udzu umene unamerapo, nalankhula ndi mng'ono wake kwa nthawi yaitali. Sanathenso kudzuka yekha. Anamunyamula kupita naye kunyumba ya mlongo wake, ndipo anamwalira tsiku lotsatira. Asanatsirizike anatchula mayina atatu aja, kenaka anati, "Njingayi mukapatse amene anandithandizadi." Sananene kuti ndani.

Chaka chitatha, pomanga chiliza, mkazi wake Felesiya anaitanitsa atatuwo, ndipo onse anabwera. Njinga inali itayedzekedwa pakhoma pamene aliyense ankaiona.

Abale a malemuyo anagawanika. Ena ankati popanda nsalu ya Dailesi, ulendo ukanathera pa Dwangwa. Ena ankati Waisoni ndiye anataya chinthu chachikulu, pakuti anapereka chimene chinkamudyetsa. Koma mlongo wake wa Fulgensio anayankha mowawidwa mtima kuti nsalu ndi tchenizo ndizo zinamufikitsa mchimwene wake kumanda, ndipo ndi Esinati yekha amene anafuna kuti akhale ndi moyo. Wina anamukumbutsa kuti Esinati yemweyo ndiye anabweza mavalavu. Winanso anati akanapanda kupuma masiku atatu aja, akanafera pamsewu ngati munthu wopanda kwawo.

Atatuwo sanadzitchinjirize. Dailesi anati akanadziwa za mtimawo, sakanagwira singano. Waisoni anati iye akanaperekabe tcheni, chifukwa munthu amene walephera kulira mbale wake amakhala kale wodwala. Esinati anadzuka pamphasa. Anamasula mfundo ya pachitenje chake, natulutsa kachivindikiro kakuda ka valavu kamene kanatsalira mu ufa tsiku lija. Anakaika m'dzanja la Felesiya n'kubwerera pamphasa.

Felesiya anakafumbata. "Ine ndinamupempha kuti asapite, ndiponso ndine amene ndinamulongedzera kamba," anatero motsitsa mawu. "Mlandu uwu sindingauthe."

Ndiye ndikufunseni inu. Wina anachotsa ululu, wina anapereka chake, wina anayesa kutseka njira mpaka analephera. Mwa atatuwa, ndani anamuthandizadi Fulgensio? Njingayi ipite kwa yani?