Ngolo Yomwe Inakana Kuima

Panali mmisiri wina pa msika wa kumudzi, dzina lawo a Nyalugwe. Ankawotcherera zitsulo, kukonza mawayilesi, ngakhale batire yakufa ankaidzutsa. Koma kuwerenga sankatha, ndipo ankakhulupirira kuti odziwa zimenezi ndi akazi awo okha, a Nangondo. Ntchito ankayendera mitundu ndi maonekedwe: waya wofiira apa, wakuda apo. Zaka makumi awiri maso awo sanawanamizepo.

Chaka china anthu oumba njerwa anawadandaulira. Anali ndi ngolo yachitsulo yokokedwa ndi thirakitala, koma thirakitala analibe. Ikadzaza, amuna asanu ankaikankha mpaka misana kuuma.

A Nyalugwe anati, "Ndisiyireni."

Anatenga mota ya galimoto yakufa, mabatire awiri ndi tayala laling'ono, n'kupanga makina okokera ngoloyo. Kunatsala bokosi lowongolera: ukadina batani ngolo iyende, ukalisiya iime. M'bokosimo munafunika kachipangizo kotchedwa rile, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi opita ku mota. Kamene anali nako kanali kosweka, ndiye anagula kena kofanana nako.

Tsiku lomanga bokosilo, a Nangondo anadzera pa shopu akuchokera ku sukulu ya kwacha, kope lili m'manja. Oumba njerwa anali atakhala pa benchi. Mayiwo anatola kachipangizoko, kenaka anawerama pa mota.

"Bambo a Lute, pa mota apa alemba 60. Pa kanthu aka alemba 10. Sizikufunika kufanana?"

Mmodzi wa pa benchi anaseka. "Amisiri, lero mwapeza kapitawo."

A Nyalugwe anamva kutentha m'makutu. Timizere timeneto ankationa tsiku lililonse, koma kwa iwo tinali ngati mokanda nkhuku. Mtima unawauza kuti afunse. Anayang'ana pa benchi.

"Mayi, miyezi itatu ya sukulu ya pansi pa mtengo, mwayamba kale kuyang'anira amisiri? Kakale kanali kakuda, miyendo inayi. Akanso n'kakuda, miyendo inayi. Kaonereni ana."

A Nangondo anakabwezera pomwe anakatenga n'kumapita.

A Nyalugwe anaiyesa ngolo ilibe kanthu. Inayenda, inaima, inabwerera m'mbuyo. Anthu anawomba m'manja. M'mawa mwake anaidzaza njerwa mpaka pakamwa. Mota inabuula, ngolo inanyamuka, ikulunjika njira yodutsa pa mjigo. Atafika pokhota, a Nyalugwe anasiya batani. Ngolo sinaime. Katundu anali atachuluka, magetsi anakula, ndipo kachipangizo kaja kanasungunuka mkati n'kumatirira kali kotsegula. Anadinanso, anamenya bokosi ndi chibakera. Anagwira waya wa pa batire kuti awuzule, koma anali ataumanga okha ndi sipanala, molimba monga amangira mmisiri wabwino.

Amayi a pa mjigo anathawa, zidebe mbwee. Ngolo inagunda mjigo, n'kuthyola chogwirira ndi kupinda paipi. Sanavulale munthu. Koma mudzi wonse unalibe madzi.

Njira ya ku dambo, kumene anthu anayamba kutunga madzi, inkadutsa pakhomo pa shopu yawo. M'mawa ndi masana amayi ankadutsa pamenepo, zidebe pamutu, ana kumsana, mtunda wa ola lathunthu. Palibe anatukwana. Ankangoti, "Mwaswera bwanji, amisiri?" Moni umenewo unkawalasa kuposa mwano. Pakati pawo pankakhalanso a Nangondo, chidebe pamutu ngati anzawo.

Amuna anawapezera pothawira. "Si vuto lanu, amisiri. Zipangizo za masiku ano n'zachabe." Masiku atatu a Nyalugwe anagwedeza mutu kuvomereza. Koma chakudya ankangochisiya m'mbale.

Tsiku lachinayi anasiya ntchito, n'kukaima pakati pa njira amayi akubwera kuchokera ku dambo. Anavula chipewa.

"Amayi, chipangizo sichinalakwe. Akazi angawa anandiuza, ine ndinawanyoza pagulu." Kenaka anawonjezera: "Ine sinditha kuwerenga. Ngakhale manambala."

Mayi wina wachikulire, mkanda wa thukuta uli m'khosi, anawayang'ana osatula chidebe.

"Amisiri, zimenezo tonse timazidziwa kalekale. Timangokusungirani ulemu. Tapatukani, madziwa akulemera."

A Nyalugwe anapatuka. Amayi anadutsa mmodzimmodzi. Atafika a Nangondo, bambowo anatambasula manja, n'kulandira chidebe chawo, nachisenza okha mpaka kunyumba, msika wonse ukuona.

Tsono inu abambo amene mumaima kuseri kwa mpanda ife a sukulu ya kwacha tikamaphunzira, kumaseka kuti sukuluyi ndi ya amayi, ndikunena ndi inu. Nzeru muli nazo, palibe akukana. Koma chimene mukubisacho sichinabisike, ndipo tsiku limene chidzaphulike, odzasenza ndi anzanu. Ine ndimadzuka kukalima, ndimagulitsa pa msika, ndimafika pano fumbi lili m'miyendo. Nthawi yokunyengererani ndilibe. Malo pa mkeka alipo. Lowani, mukhale pansi.