Chiletso pa Chulu cha Amayi

Nthano iyi anandiuza ndi mayi Nachisale tikuchokera ku Mvano. Mzimu wawo uwuse mumtendere. Ndiikamba monga anaikambira.

Tambala ndi mlongo wake Thadzi anasiyiridwa chulu cha ngumbi ndi amayi awo. Tambala, wodzitama uja, analonjeza Nkhumba kuti akumbe chulucho aumbire njerwa, kenako Nkhumbayo amumangire chipilala chachitali choliriranapo ndi anzake m'mawa. Sanafunse aliyense. Anangothamangira kwa Bilimankhwe, mlembi wa malo, kuti akasinthe dzina la mwini chulu.

Bilimankhwe anatembenuza diso limodzi, linalo lili m'kaundula. "Pachulupo pali chiletso, bambo. Anadzaika ndi mlongo wanu. Palibe wopereka, wokumba, ngakhale wotchera ngumbi mpaka mutamvana."

"Fafanizani! Mukudziwa kuti dzuwa ndimalidzutsa ndine?"

"Zilidzutsani ndithu. Chiletso amachotsa ndi amene anachiika. Apo ayi, dikirani bwalo tikakolola."

Tambala anayang'ana kumwamba. Mitambo inali itada, ndipo ngumbi zimatuluka ndi mvula yoyamba. Akachedwa, banja lonse liphonya ndiwo za chaka. Anatsitsa lipombo napita kwa Thadzi, amene anamupeza akupalasa ndi anapiye ake asanu ndi awiri.

"Achemwali, mwandichititsa manyazi ku ofesi."

"Khalani pansi, achimwene, khosi lingathyoke," anatero Thadzi akuseka. "Ine sindikukulandani kanthu. Koma Nkhumba akakumba chulu, aphwanu awa azidya njerwa?"

Tambala anayang'ana anapiyewo. Kamodzi kanali katamukwera kale paphazi.

"Ndiye mukadangondiuza."

"Ndikuuzeni liti? Inu mumatsegula kukamwa, makutu n'kutseka."

Anamvana kuti chulu chilembedwe m'maina a onse awiri, ndipo Nkhumba akapepesedwe. Koma atapita ku ofesi kuti Thadzi akachotse chiletso, mlembi anati amakachifafanizira pachulu pomwepo, ndipo mayendedwe ake mukuwadziwa. Mphezi itang'anima, Tambala anagwada.

"Kwerani, akuluakulu."

Mudzi wonse unaona Tambala akuthamanga atabereka Bilimankhwe, Thadzi ndi anapiye akululutira pambuyo. Anafika madontho akuyamba. Mlembi anafafaniza chiletso, ngumbi zinatuluka, ndipo anadya mpaka anapiye analephera kuyenda.

Phunziro: Mayi Nachisale anamaliza ndi mawu awa: "Mbale wako akakuikira chiletso, usayambe n'kukalipira mlembi. Pita ukakhale pakhomo pake, umufunse chimene akuopa, ndipo utseke pakamwa mpaka amalize."