Magazi a Lufeyo Wamatikiti

Kalekale, komatu osati kale la makolo ayi, mumzinda wina munali msika waukulu, ndipo mumsikamo munali mayi wogulitsa nyemba dzina lake Edesi. Mwamuna wake, Lufeyo, anali wodula matikiti a khonsolo. Taganizani banja limenelo: masana mkazi akutukwana msonkho, madzulo akuphikira wokhometsa msonkhoyo.

Khonsolo inakweza tikiti, ati igule galimoto yozimitsa moto. Anthu anang'ung'udza koma anapereka. Inakwezanso, ati ya matayala. Inakwezanso, ati ya mafuta. Lufeyo ankangoyenda ndi chikwama chake mzere ndi mzere, matemberero akumutsata pambuyo. Ndalamazo akazisiya kuofesi, iye sankaziwonanso.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, moto unabuka kophikira tchipisi. Unanyambita mabenchi, n'kulumphira kukaunjika, msika wonse lawilawi. Galimoto ija inabweradi, yofiira psuu, ikulira mogonthetsa m'khutu. Atatsegula paipi, munangotuluka mphepo. Madzi munalibe ndi dontho lomwe! Mkazi wa Sandikonda wabutchala anapsera m'kanyumba kosungira katundu, mwamuna wake akumva kukuwa kwake.

Anthu anazinga khansala Dzoole, amene anabwera pambuyo pa galimotoyo kuti adzaomberedwe m'manja. Mkuluyo ataona miyala m'manja mwa anthu, anatukula chala n'kuloza Lufeyo. "Ine ndalama zanu sindizigwira ayi. Amakulandani tsiku ndi tsiku si uyo?" Anadziponya m'galimoto mwake, fumbi koboo.

Lufeyo anataya chikwama n'kuliyatsa liwiro. Anakafika pagolosale ya Felesiya, mkulu wake wa Edesi, yokhayo ya chitseko chachitsulo. Tsoka ilo, sabata yathayo Lufeyo anali atamulanda sikelo mayiyu chifukwa chokana tikiti yatsopano, ndipo paja chimaiwala ndi nkhwangwa, chitsa sichiiwala.

"Alamu, tsegulani, akundipha!"

"Kagogodeni kukhonsolo, alamu," anayankha Felesiya ali mkati, n'kukankha mpiringidzo.

Woyamba kufika anali Sandikonda, maso ali gwa, m'manja muli chikwanje chodulira mafupa. Anamutema kamodzi paphewa, Lufeyo n'kugwa chafufumimba. Otsalawo anamalizitsa ndi njerwa ndi matabwa oyaka. Edesi anadzigwetsa pamwamba pa mwamuna wake akukuwa kuti amusiye, njerwa ina n'kumugulula mano. Pomwe khamu linkabalalika n'kuti atakumbatira mtembo. Apolisi atabwera anangoti khamu silimangidwa, n'kubwerera.

Pamaliro panafika abale a Lufeyo kuchokera kumudzi, lole yodzaza, nkhwangwa atazibisa pansi pa matumba a ufa. Khansala, Sandikonda ndi Felesiya nawonso analipo. Khansala anagula bokosi lonyezimira, ndipo musandifunse kumene anatenga ndalama yake. Sandikonda, ataika mkazi wake dzulo lake lomwelo, anatsikira m'dzenje kukumba limodzi ndi adzukulu. Felesiya anakhala pambali pa mng'ono wake, kumupukuta magazi pakamwa, akulira mpaka mawu kusasa.

Mwambo wake, thupi lisanatsike m'manda, wamasiye amaimirira n'kuuza anthu chimene chadya malemu. Choncho amalume a Lufeyo anabwera kudzanjuta pafupi ndi Edesi.

"Apongozi, inu munalipo, munaona zonse. Za khamuzo ife sitikuzifuna, tipatseni dzina limodzi basi. Mwini dzinalo saona dzuwa ili likulowa. Mukakhala chete, tidziwa kuti nanunso munatola mwala, paja msonkhowo mumautukwana ndinu."

Edesi mtima unamuwawa kwambiri, ukali ndi mantha zikulimbana m'chifuwa. Anayang'ana khansala, amene anadya thukuta la msika wonse n'kupereka mwamuna wake kwa anthu olusa. Anayang'ana Sandikonda, wofedwa mnzake, matope a manda ali m'miyendo. Kenaka anayang'ana Felesiya, amene anayamwa naye bere limodzi, dzanja la mkulu wakeyo likadali pabondo pake. Nyimbo ya amayi inatha, amalume aja akudikirabe.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, tamuthandizeni mayi wamasiyeyu. Atchule ndani pamandapo: woloza chala, wotseka chitseko, kapena wachikwanje?