Mayina a pa Kalata ya Mwandida

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale la masiku aja pamene wofuna kutumiza imelo ankaima pamzere kudikira kompyuta, pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi panali mtsikana dzina lake Mwandida. Anali m'chaka chomaliza. Kutatsala masabata asanu ndi limodzi kuti mayeso ayambe, namwino wa pasukulupo anapeza kuti ndi woyembekezera, ndipo mkulu wa koleji anamupatsa kalata yoti alongedze. Mnyamata wopereka mimbayo anatsala m'kalasi, pampando wake womwe uja wa pawindo.

Mwandida sanapite kwawo ku Ntchisi. Anakakhala kwa mayi ake aang'ono pa tauni yapafupi, poti bambo ake, omwe anali mkulu wa mpingo, anali asanamve. Ankafuna akawauze yekha, atagwada, ndi pakamwa pake. Koma chimene mtima wake unkalira kwambiri chinali chimodzi: kulemba mayeso aja.

Mtsikanayu anali ndi anzake atatu: Elube, Asiyatu ndi Ndaziona.

Elube ndiye anali ndi luso la cholembera. Anapita kwa Mwandida nati, "Ndikufuna ndilembe kalata yodandaula, anthu aikepo mayina."

"Lemba," anatero Mwandida, "koma langa lisaonekepo."

Elube analemba za "wophunzira wina" amene wachotsedwa mayeso ali pakhomo. M'munsi anaikamo malangizo akuti aliyense awonjezere dzina lake, atumize kwa anzake khumi, ndipo amene akhale wa nambala 100 atumize kwa mkulu wa koleji. Dzina loyamba linali lake. M'mawa mwake anaitanidwa ku ofesi ya mkulu wa koleji.

"Fufutani dzinali, mayi. Nanunso mayeso mukuwafuna."

"Ndikuwafuna, bwana," anayankha Elube, maso ali pansi. Koma dzina sanafufute.

Asiyatu anali wapampando wa hositelo ya atsikana, munthu wosathamangira zinthu. Kalata itamufika, sanaikepo dzina, sanatumizenso kwa wina aliyense.

"Mantha, mwali?" anamufunsa Ndaziona.

"Kalata yotere ndi mbuzi yopanda chingwe. Ukudziwa munda umene ikalowe?"

Atsikana ambiri ataona kuti wapampando wakana, nawonso anabwerera m'mbuyo. Kalata ya Elube inafika pa mayina makumi awiri ndi atatu, n'kuima.

Ndaziona anali wa mtima wamoto. Anati, "Anthu salira maliro osadziwa amene wamwalira." Anatsegula kalata ija, pamene panali "wophunzira wina" analembapo dzina lonse la Mwandida, ndi boma lakwawo, ndi mwezi wa mimba. Mwiniwake sanamufunse. Anatumiza kwa aliyense amene anali ndi adiresi yake: amene anaphunzirapo pa kolejipo, a kwaya, asuweni ake a ku Joni, ngakhale munthu wina amene anangokumana naye m'basi. Ndipo kalata ija, imene inali itafa, inadzuka n'kuthamanga.

Pasanathe masiku asanu ndi atatu inafika kwa Mayi Chimbalanga, mmodzi wa akomiti yoyang'anira kolejiyo. Mayiwo analamula kuti nkhani ya Mwandida ikambidwe Lachisanu lotsatira.

Inafikanso kwa mlembi wa mpingo wa ku Ntchisi kuja. Iye anaisindikiza papepala, ndipo Lamulungu, anthu akutuluka m'tchalitchi, anaipereka kwa bambo a Mwandida. Bambowo anawerenga ataimirira pakhomo pomwepo, kumbuyo kwawo anthu akunong'onezana, poti ena anali ataiwerenga kale. Anapinda pepalalo n'kuika m'thumba la jekete. Uthenga umene anatumiza kwa mwana wawo unali wa mawu awiri: "Mumuuze ndawerenga."

Pamenepo n'kuti makalata akubwerera kwa mkulu wa koleji, osati imodzi koma yambirimbiri, chifukwa kalata yotumizirana imabala nthambi, ndipo nthambi iliyonse imasenza mayina onse a m'mbuyo. Mayina anakwana mazana asanu ndi anayi. La Elube linalipo maulendo makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Panali dzina la mphunzitsi amene anamwalira zaka zitatu zapitazo. Wina anasayina kuti Mbewa Yootcha. Mkulu wa koleji anaseka mpaka kuvula mandala.

"Awa ndi anthu kapena mizukwa? Lachisanu ndikawawerengera akomiti, nawonso akaseke."

Asiyatu atamva zimenezi anasindikiza nthambi zonse, anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi cholembera chofiira, n'kuyamba kukhwacha: obwerezedwa, akufa, opeka, osadziwika. Kenako anatenga kope latsopano n'kuyenda chitseko ndi chitseko, ku hositelo ya atsikana ndi ya anyamata yomwe, kupempha amene anatsala pamndandanda kuti asayine ndi dzanja, alembenso nambala zawo za sukulu.

"Si iwe unkakana uja?" ankamufunsa.

"Ndinakana kutumiza. Mwandida sindinamukane. Sayina apa."

Ena anati dzina lawo analiika mongocheza. Ena anatseka chitseko. Anayenda masiku anayi, napeza anthu zana limodzi ndi makumi anayi ndi mmodzi.

Lachisanu, mkulu wa koleji atatha kuwerenga za Mbewa Yootcha, Asiyatu anaimirira naika kope lija patebulo.

"Mayina amene mwamvawo, ambiri ndi abodzadi. Koma awa ndi anthu amoyo. Itanani aliyense amene mungasankhe, ali panjapa."

Mayi Chimbalanga anaitana asanu. Onse asanu analowa. Komiti inagamula kuti Mwandida alembe mayeso, azichokera kwa mayi ake aang'ono. Analemba onse, ndipo anakhoza.

Miyezi itakwana kunabadwa mwana wamkazi. Kwawo kwa Mwandida, mdzukulu woyamba amatchedwa dzina ndi agogo ake aamuna, choncho anatuma mthenga ku Ntchisi. Mthengayo anabwera yekha.

"Akuti inu munali mwana wawo musanalembedwe m'makalata. Akuti mdzukuluyo dzina akamutche a makalata omwewo."

Mwandida analira, kenako anapukuta misozi nati, "Chabwino. Atero ndithu." Anaitana anzake atatu aja tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Koma wotcha dzina amakhala mmodzi, ndipo ameneyo amasanduka ngati kholo la mwanayo moyo wake wonse.

Mayi aang'ono ndiwo anayamba. "Ine ndikuti Elube. Anayamba ndiye, anasunga chinsinsi, dzina lake anaika patsogolo mkango ukuona."

"Kalata yake inafera pa anthu makumi awiri ndi atatu, mayi," anatero Ndaziona. "Ndikanapanda ine, Mayi Chimbalanga akanaimvera kuti? M'maloto?"

"Ukanapanda iwe, agogo a mwanayu akanakhala pampando uwu," anatero Asiyatu. "Ndinakuuza za mbuzi."

"Mbuzi, mbuzi! Iwe ukanasayina tsiku loyamba, hositelo yonse ikanasayina, ine sindikanafika poika dzina la munthu. Unapha kalata yoyera, n'kudzatchuka ndi kuchapa yakuda."



Elube, amene nthawi yonseyi ankangosisita kaphazi ka mwana, anati, "Musanditchule ine. Amene ndinalemba kuti 'tumizani kwa anzanu khumi' ndine. Ndinkaganiza kuti khumiwo akathera kuti?"

Onse anatembenukira kwa Mwandida. Iye anayang'ana Ndaziona, amene anamutsegulira chitseko cha mayeso ndi dzanja lomwelo limene anamutsekera nalo cha kwawo. Anayang'ana Asiyatu, anayang'ana Elube. Mwana anayamba kulira, ndipo panalibe dzina lomutonthozera nalo.

Tsono nkhaniyi ndaitula kwa inu. Pali amene analemba kalata mosamala, koma kalatayo sinayende. Pali amene anaiyendetsa, koma anaulula za mwini osapempha. Pali amene anaikana pamene inkafuna anthu, nadzaipulumutsa itasanduka choseketsa. Dzuwa likupendeka, alendo akudikira, mwana alibe dzina. Inu mukanakhala Mwandida, mukanamuika m'manja mwa yani?